Mkamwini wa ku Mdeka ndi Chigwembe cha Kumanda

Chilimwe cha 1986, Loweruka pa 18 Okutobala, m'mudzi mwathu muno kufupi ndi Lirangwe munalowa mkamwini wa ku Mdeka, a Ezra Makwinja. Tsikulo sindiliiwala chifukwa ndinali nawo pagulu lophika pa ukwati wawo ndi Lenia, mnzanga wa kukwaya. Katundu amene anabwera naye anali sutikesi yachitsulo, piki ndi nyundo ziwiri zikuluzikulu. Amayi kukhitchini ankafunsana ngati mkamwiniyo wabwera kudzalima kapena kudzagumula nyumba ya apongozi.

Nyundozo zinali za miyala. Kumtunda kwa mudzi wathu kuli chitunda cha miyala yoyera, imene ikaotchedwa imatuluka laimu. Mukaiyang'ana pafupi si yosalala ayi. Ina ili ndi mikwasa ngati munthu anaikanda ndi zala isanaume, ina ili ndi mabowo momwe mumatsalira madzi mvula ikakata, ndipo pakati pake pali ming'alu imene yathyolapo miyendo ya mbuzi zingapo. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi, ndipo ana a Sitandade 7 ndinkawatengera kumeneko kukawaonetsa kuti madzi a mvula amasungunula mwala woterewu pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka kuuboola.

A Makwinja ankaswa miyalayo, n'kuisanja mu uvuni mosinthanitsa ndi nkhuni, mzere wa miyala, mzere wa nkhuni, n'kuyatsa. Ikapsa ankaithira madzi, iyo n'kumafuka ndi kusweka yokha mpaka kusanduka ufa. Ankausefa, kuulonga m'matumba, ndipo amalonda ankabwera kudzatenga kupita nawo ku Blantyre. Nsidze zawo ndi ndevu zinali zoyera asanafike zaka makumi atatu. Manja awo anali ong'ambikang'ambika moti popereka moni ankangopereka nsonga za zala.

Uvuni unali kumunsi, pafupi ndi mtsinje, chifukwa laimu amafuna madzi ambiri. Miyala inali kumtunda. Poyamba ankasenza pamutu, koma mu 1989 iwo ndi alamu awo a Julius, mlongo wake wa Lenia, amene anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, analambula njira yotsika chitunda molunjika. Njirayo inkadutsa kumtunda kwa msitu wa kumanda, n'kukhota pambali pake kupita kuuvuni. Aliyense anaiyamikira, ndipo nafe tinkadzera momwemo pochokera kokatola nkhuni.

Kwa ife a pabanja langa, a Makwinja anali adzukulu. Poti sanali mbale wa munthu aliyense m'mudzi muno, maliro akagwa ankakhala patsogolo pa okumba manda, ndipo kumene dothi lathera pa mwala ankaitana iwo ndi piki wawo. Mwana wanga wamkazi, Chikhulupiriro, anamwalira pa 9 Epulo 1998 ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Tinamuika mawa lake, Lachisanu Loyera, kumapeto kwa manda mbali ya kum'mawa. Amuna anga a Howard, amene anagwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka mpaka kupuma, anamutsatira pa 21 Julayi 2007, ndipo anagona pambali pake. Manda onse awiri anakumba a Makwinja.

Mdzukulu amaloledwa kunena zimene wina sanganene. Tikakumana panjira ankavula chipewa mwaulemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukuoneka athanzi kwambiri. Ife ntchito tiipeza liti?"

"Dikirani, adzukulu. Ndikadzafuna ndidzakulemberani kalata."

"Mulembe ndi zilembo zazikulu. Maso anatha ndi utsi."

Mvula ya Januwale 2015 onse a m'chigawo chino amaikumbukira. Lachiwiri pa 13 mweziwo, itapumako masana, a Makwinja anafika pakhomo panga osavula chipewa, osaseka.

"Aphunzitsi, mukavale nsapato. Amfumu ndawauza kale, alola kuti mukaone."

Pambali pa manda, pomwe kale panali kangalande koti mwana kudumpha, panali patang'ambika chigwembe chakuya kuposa msinkhu wa munthu. Dothi lofiira linali litapita, pansi pakuoneka mwala woyera. Mtengo umodzi wa m'mphepete unali utagwera momwemo, mizu m'mwamba. Kuchokera pa chiliza cha mwana wanga kufika m'mphepete mwa chigwembe panatsala malo oti n'kuyalapo mphasa ziwiri. Tili chiimire, chibuma china chinagumuka n'kugwera m'madzi.

Sindinalire. Ndinangoona m'maganizo mwanga mafupa a Chikhulupiriro akutsika ndi madzi kupita kumtsinje kumene amayi amachapa. Akuluakulu ena anati njira ndi kufukula onse a mzere umenewo n'kuwasamutsa. Ine ndinamuika mwanayo kamodzi, ndipo mphamvu zomuonanso akutulutsidwa m'dothi ndinalibe.

"Musalole zofukula," anatero a Makwinja tikubwerera. "Mvula ikatha ndimanga khoma. Miyala ndili nayo, laimu ndili naye."

Anayamba okha mwezi wa Meyi, koma sabata isanathe anasiya. Kumanda munthu sapitako yekha popanda maliro, ngakhale kungozungulira m'mphepete. Kuchigayo ndi kumjigo kunayamba manong'onong'o akuti mkamwini wa ku Mdeka akufuna zizimba kuti laimu wake aziyenda malonda. Chilolezo cha amfumu chinalipo, koma chilolezo sichitseka pakamwa. Lenia anabwera kwa ine maso ali ofiira, amuna ake akutsatira pambuyo.

"Ndaganiza," anatero a Makwinja. "Ndikufuna kukulembani ganyu."

"Ine? Nyundo yanu sindingainyamule ndi pansi pomwe."

"Ganyu yake ndi yokhala pansi. Mutenge mpando, muvale duku loyera la Mvano lija, mukakhale pamene aliyense wodutsa akuoneni. Mfiti siigwira ntchito mayi wa Mvano akuyang'ana. Komanso anthuwa munawakwapula nonse ali ana, amakuopanibe."

"Sindinakwapule onse."

"Otsalawo ndi amene akuyankhulawa."

Ganyu yanga inayamba Loweruka pa 6 Juni 2015. M'mawa uliwonse, kupatula Lamlungu ndi masiku otentha uvuni, ndinkanyamula mpando wapulasitiki, ambulera ndi zoluka zanga, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mthethe kunja kwa msitu. A Makwinja ankatsikira m'chigwembe. Odutsa ankandipatsa moni mokweza, ena n'kusuzumira pansi, ena mpaka kupatsira mwala umodzi kapena iwiri. Manong'onong'o anatha mwezi usanathe. Majuzi amene ndinaluka chaka chimenecho anakwanira zidzukulu zanga zonse za ku Ndirande.

Khomalo linatha pa 26 Sepitembala. Linadula chigwembe pakati, lokhuthala, miyala yake yomangidwa ndi laimu wosakaniza mchenga. Pomaliza analipaka laimu woyera mbee, ngati tchalitchi pa Khirisimasi. Ndinawafunsa kuti madzi akufuna kuwasangalatsa ndi utoto kodi. Anati ntchito yosapaka imaoneka ngati ya munthu wa ku Lirangwe.

Dzinja lotsatira mvula inavuta, chimanga chinapserera m'minda, ndipo khoma silinayesedwe. Tonse tinkati nkhani yatha. Koma Lachitatu pa 8 Febuluwale 2017 kunagwa chimvula kuyambira m'mawa, ndipo madzulo ake tinapita kukaona. Khoma linali chiimire, osasowa mwala ngakhale umodzi. Kumbuyo kwake kunalibe dziwe limene tinkayembekeza. Madzi anali atapeza mng'alu mu mwala wa pansi, analowa momwemo, n'kukatulukira kumunsi kwa khoma ali ofiira ndi dothi. Pambali, cha kumanda, nthaka inali itatitimira n'kusiya dzenje ngati la nkhuti. Chiliza cha Chikhulupiriro chinali chitapendekera ku dzenjelo.



"Khoma lili bwino," ndinatero.

"Lili bwino ngati chitseko cha nyumba yopanda zipupa."

Zimene zinachitikazo tonse awiri tinazimvetsa. Mwala umenewu ndi wobooka m'kati. Ine ndinkaphunzitsa zimenezo, iwonso poswa miyala ankakumana ndi mphako zodzadza dothi. Khoma linaimitsa madzi pamalo amodzi, ndipo madzi oima pamwamba pa mwala wotero amafuna njira ya pansi, n'kumakoka dothi la m'mbali.

Mvula itagwanso Loweruka, a Makwinja anafunda thumba la feteleza kumutu n'kukwera chitunda, kutsata madziwo kumene akuchokera. Anafika kwanga atanyowa, nakhala pakhonde osalowa m'nyumba. Ndinawapatsa tiyi. Anamugwira m'manja mpaka kuzizira.

"Aphunzitsi, chigwembe chija mwini wake ndamupeza."

"Ndani?"

"Ali pakhonde panu, akumwa tiyi wanu."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Mawilo a ngolo, zaka zonse zija, anali atakumba migula iwiri kuchokera pamwamba pa chitunda mpaka pokhotera paja. Mitengo ya pachitunda inathera mu uvuni wawo ndi mauvuni a anzawo. Tsono madzi onse amene kale ankamwazikana ndi kulowa m'ming'alu ya kumtunda ankathamangira m'migula iwiriyo, ndipo pokhotera sankakhota nawo. Ankalunjika kumanda.

"Ndiye mutani?"

"Njira ija itsekedwe."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Njira ina yochoka kumiyala kupita kuuvuni inalipo, yozungulira kuseri kwa chitunda, koma inali yaitali ndi yamiyala moti ng'ombe sizikanatha. Kusenza pamutu msinkhu unali utawapitirira. Kutseka njira kunali kuzimitsa uvuni.

"Musafulumire," ndinatero. "Manda awa si anu, a Makwinja. Inu mukadzafa adzakunyamulani kupita ku Mdeka."

"N'chifukwa chake ndikufuna ndisiye bwino. Mlendo sasiya mphasa ya eni ake itang'ambika."

Amene anakana anali a Julius, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa ngolo yawo inkadya pa njira yomweyo. Nkhaniyo inakambidwa pakhomo pa Lenia, ine ndilipo ngati mwini maliro a mzere woyamba.

"Alamu, laimu wakulowani m'mutu," anatero a Julius. "Njira tinalambula tonse. Lero mkamwini atitsekere njira m'mudzi mwathu? Mawa mudzatseka mjigo."

"Mjigo sunalakwe."

"Mangani khoma lina. Lalikulu."

"Ndimange khumi, alamu. Madzi adzadutsa pansi pa onse, akukupatsani moni."

"Nanga tidya chiyani? Manda?"

Lenia anali akusola mtedza pamphasa. Apa anaika lichero pansi.

"Achimwene, amayi agona mzere wachitatu kuchokera pachigwembe. Mwana wanu woyamba ali pafupi nawo. Malo anu ndi anga ali pomwepo. Munthu yekhayo pano amene sadzagonako ndi amene akuti atseke njira. Inu simukuchita manyazi?"

A Julius anayang'ana kumbali, nafunsa ngati mtedzawo unali wogulitsa. Sanavomere ndi pakamwa, koma pa 1 Meyi 2017, tsiku lotseka njira, ngolo yawo ndi imene inatuta miyala. Pambuyo pake anayamba kunyamula mchenga ndi njerwa za anthu omanga ku Lirangwe, ndipo kwa chaka chathunthu alamu awo ankawapatsa moni wa mawu amodzi.

Ulendo uno a Makwinja sanamange chilichonse chopaka utoto. Anayambira pamwamba pa chitunda, kusanja timipanda ta miyala todula njirayo, tofika m'mawondo, topanda laimu, kuti madzi azidutsa m'mipata koma dothi lizitsala. Kuseri kwa kampanda kalikonse anabzala udzu wa vetiva umene anakapempha kwa alangizi a zaulimi, ndi khonje. M'mbali anakumba tingalande topatutsa madzi kuti azimwazikana m'thengo asanasonkhane. Khoma lawo lokongola lija analiboola okha pakati ndi piki. Dzenje la pafupi ndi chiliza analidzaza ndi miyala ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, kenako dongo, ndipo kumutu kwa chigwembe anabzala nsungwi.

Ntchito imeneyi sinali ya chilimwe chimodzi. Mvula iliyonse inkagumula timipanda tina, iwo n'kukasanjanso. Mbuzi zinkadya mitengo imene ankabzala, iwo n'kuitchingira ndi minga. Akafika chakumanda ine ndinkatenganso mpando wanga. Tinakalamba tikuonana choncho, wina m'chigwembe, wina pansi pa mthethe.

"Kapitawo, lero mwachedwa," ankatero.

"Mawondo, adzukulu."

"Mawondo a munthu wongokhala? Ndikuchotsani ntchito."

Za kunyumba kwawo sankadandaula, koma ndinkaona. Uvuni unagumuka mbali imodzi, mbuzi n'kumakwerapo. Anayamba kuswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, ntchito ya fumbi yopindula pang'ono, ndipo Lenia ankagulitsa tomato pamsika. Malata a nyumba yawo atadontha anawamata ndi phula. Ndikatumiza thumba la chimanga nthawi yokolola ankalandira, koma mawa lake ndinkapeza nkhuku yomangidwa miyendo pakhonde panga. Ndinawauza kuti akundibwezera mphatso. Anati nkhukuyo inabwera yokha kudzaphunzira Chingelezi.

Mvula ya Malichi 2019 inadutsa, ya Januwale 2022 inadutsanso, ndipo nthawi zonse chigwembe chinkangodya pang'ono kumunsi. Timipanda tinakwiririka ndi dothi mpaka njira yakale inasanduka masitepe a udzu. Ana obadwa pambuyo pake sakhulupirira kuti pamenepo pankatsika ngolo.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Kuyambira Lamlungu pa 12 Malichi 2023 mvula sinakate. Lolemba pawailesi tinamva za matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Kuno nyumba zingapo zinagwa, ndi khitchini yanga yomwe. Ndinkapempherera amoyo, monga aliyense, koma sindibisa kuti mtima wanga unkapitanso kum'mawa kwa msitu uja.

Lachitatu pa 15 a Makwinja anabwera kudzanditenga. Matope anali oterera, ndipo anandigwira mkono njira yonse, chinthu chimene pa zaka zonsezo anali asanachitepo. A Julius anali atafika kale, ataima chapatali.

Khoma lija linali litagwa, miyala yake itamwazikana mpaka kumtsinje. Kumunsi chigwembe chinali chitakula. Koma kumutu kwake nsungwi zinali chiimire, zitagwira zinyalala ndi dothi, ndipo madzi ankatsika pachitunda mwaulesi, kampanda ndi kampanda, oyera ndithu. Pomwe panali dzenje nthaka sinatitimire. Mitumbira yonse ya mzere woyamba inalipo. Chiliza cha mwana wanga chinali chopendekera monga momwe chinakhalira kuyambira 2017, osaposa pamenepo.

 Ndinagwada m'matopemo, pamaso pa mkamwini, n'kuwomba m'manja monga tichitira pothokoza.

"Aphunzitsi, dzukani," anatero, akuyang'ana uku ndi uku. "Anthu aziti ndakulodzani."

"Asiyeni agwade, alamu," anatero a Julius. "Akugwadira tonse. Ine mawondo anga ndi ouma."

Lenia anadwala chaka chomwecho, ndipo anatisiya Lolemba pa 2 Okutobala 2023. Anamuika mbali ya kum'mawa, mzere wachitatu, pafupi ndi amayi ake. Tsiku limenelo a Makwinja sanagwire khasu. Anakhala pamphasa ngati namfedwa aliyense, ndipo adzukulu anzawo anawaseka monga iwo ankasekera ena, kuti mwala wa m'mandamo wauma dala podziwa kuti mwini piki wakhala pansi. Anamwetulira pang'ono, misozi ikutsika.

Mwambo wathu ndi woti mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Ana awo anali atakula, wina ku Lunzu, wina ku Chileka. A Julius, monga mwini mbumba, anauza a Makwinja pamaso pa onse kuti nyumbayo ndi yawo, munda ndi wawo, akhale mpaka imfa. Nanenso ndinapita kukawapempha. Anathokoza, koma anati mlongo wawo ku Mdeka wakalamba ndipo ali yekha, komanso safuna kudzavutitsa anthu ndi galimoto ya maliro pamene miyendo ikadali yoyenda.

Anadikira kuti akolole. Masabata otsiriza anayenda pachitunda ndi a Julius ndi amuna ena atatu a mumpingo, kuwaonetsa timipanda tofunika kusanjanso chaka chilichonse mvula isanayambe, ndi nsungwi zimene siziyenera kudulidwa ngakhale munthu atafuna nkhokwe. Amfumu anaika tsiku la ntchitoyo, Loweruka loyamba la Okutobala, ndipo anati popeza ndi ntchito ya mudzi wonse, mpando wanga sudzafunikanso.

M'mawa wa tsiku lonyamuka a Makwinja anadzera kwanga. Ndinali nditakonza mawu ambiri, ena nditawayeserera ngati phunziro, koma ndinangonena kuti, "Zikomo, a Makwinja. Mwana wanga wagona mwamtendere chifukwa cha inu."

"Mukamuuze kuti anali mlendo wa ku Mdeka," anatero. "Koma musafulumire kukamuuza."

Ndinawaperekeza ndi ndodo yanga mpaka pamsewu, ngolo ya a Julius itanyamula matumba awo a chimanga patsogolo pathu. Anakwera minibasi pa Lirangwe Loweruka, pa 15 Juni 2024.